Miyala Iwiri ya Che Bwanali

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni Che Bwanali. Kwawo ku Machinga achita kale sadaka, anthu adya mpunga n'kubalalika. Ine kuno ku Doha ndilibe mphika woti n'kuphikira khamu, ndiye ndati ndingolemba. Ndikulemba mtima uli m'malo, chifukwa nkhani imene inkandisowetsa mtendere inatha. Madalawa anachoka kuno ndi mbiri yoipa, yoti anapatsidwa ntchito yokwirira mtembo wa nyama ya m'nyanja yotchedwa dolofini, iwo n'kuukankhira m'nyanja, n'kunama kuti akwirira. Amene anathandiza kuti mbiriyo imere mizu ndine, ndi pakamwa pangapa.

Anthu kumudzi amaganiza kuti Mmalawi aliyense wa ku Qatar ndi mlonda wa pageti kapena woperekera zakudya m'hotela. Ambiri ndi otero ndithu. Ine ndine dalaivala wa kagulu ka anthu ofufuza za nyama za m'nyanja, ndipo kumeneko ndi kumene ndinawapeza Che Bwanali atakhala kale zaka zambiri akuyendetsa boti la gululo. Anali munthu wamfupi zedi, wa ndevu zoyera zodula bwino, kofia kumutu, kathaulo konyowa pakhosi nthawi zonse. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Kwanu n'kuti, mphwanga?"

"Ku Ntcheu, madala."

"Aaa, Mngoni wa kumapiri! Khala mbali iyi, mphepo ikupita uko. Ukamasanza usandithire."

Ndinakwiya, koma sipanathe ola ndinali nditagwira m'mphepete mwa boti, tiyi yense wa m'mawa akubwerera kumene sanachokere. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la Maliko linafera pomwepo. Ndinangokhala Mngoni basi.

Mkangano wathu woyamba unabuka tsiku lomwelo. Nditaona chinthu chotuwa chikutumphuka m'madzi n'kumiranso, ndinakuwa kuti taonani chinsomba. Iwo anazimitsa injini. Anandiuza kuti nditseke pakamwa ndimvetsere. Panamveka kupuma, fuu, ngati munthu amene wakwera phiri. Kenako pafupi ndi chachikulucho panatumphuka kakang'ono, kakuyenda mokhudzana nacho. Anandifunsa ngati kwathu ku Ntcheu kuli nsomba yopuma mpweya ndi yoyamwitsa mwana. Ndinati kulibe. Anati ndiye ndisadzabwerezenso kutukwana mayi wa mwana pamaso pawo.

Ntchito ya gulu lathu ndi yotere. Timalowa m'nyanja m'mamawa dzuwa lisanayambe kuwotcha, n'kumafunafuna madolofini. Tikawapeza, bwana wathu amawajambula chipsepse cha pamsana. Bwanayo ndi mayi wophunzira kwambiri za nyamazi, ndipo Che Bwanali ankamutcha Dokitora monga amanenera Aluya. Chipsepse cha dolofini aliyense chili ndi zipsera zakezake, pena podukaduka, pena pong'ambika, ndiye zithunzi za lero akazifananiza ndi za chaka chatha amadziwa kuti uyu ndi uja, akadali moyo, wabereka, kapena wasowa. Dokitora ankawapatsa manambala. Che Bwanali manambalawo sankawawerengera, ankawapatsa maina awoawo. Panali Che Ulesi amene ankatsalira kumbuyo nthawi zonse, panali Nduna, ndiye panali Abiti Mpata, wamkazi amene chipsepse chake chinali ndi mpata waukulu woti chala n'kulowa. Ndi yemwe uja ndinamutukwana tsiku loyamba.

Chifukwa cha phokoso la injini, m'botimo tinkalankhulana ndi manja. Che Bwanali akaona madolofini sankakuwa. Ankatambasula dzanja n'kuliyendetsa mokwera ndi kutsika, mokwera ndi kutsika, kenako n'kuloza. Nthawi zambiri ankachita zimenezi ife tisanaone kalikonse, Dokitora ali ndi magalasi ake oonera patali m'maso, akuyang'ana mbali yolakwika.

Musaganize kuti anali munthu wofewa, ayi ndithu. Makani anali nawo, ndipo anali makani oipa, osanena. Sindinawamvepo akuuza bwana kuti ayi. Ankangoti, "Inshallah, Dokitora," n'kuchita zawo. Dokitora akafuna kuti tiyandikire kwambiri kuti zithunzi zituluke bwino, Abiti Mpata ali ndi mwana wakhanda, injini ya Che Bwanali inkadwala mwadzidzidzi. Ankaitsegula, kuigogoda, kupukusa mutu, mpaka mayi ndi mwana atapita patali, pamenepo injini n'kuchira. Dokitora sanali wopusa, ankadziwa. Tsiku lina anapsa mtima mpaka anawauza kuti akadzasinthanso malangizo ake osamuuza, adzalemba lipoti ku ofesi, ndipo za kontilakiti yatsopano aiwale. Madala anati inshallah.

Kunyumba nakonso sanali wapafupi. Tinkagona chipinda chimodzi anthu anayi m'dera lotchedwa Al Doha Al Jadeeda, pamwamba pa kasitolo ka Mmwenye wogulitsa mafoni. Munthu akabwera kuchokera kumudzi ankawabweretsera matemba a ku Chilwa, ndipo ankawakazinga mazenera ali otseka, zovala zathu za kuntchito zili pa chingwe momwemo. Ukadandaula ankakuuza kuti mphuno yako yayamba kunyada. Mayendetsedwe anga a galimoto sanawayamikirepo ngakhale tsiku limodzi. Koma ndikadwala, tiyi wa karaki, uja wamkaka ndi zonunkhira, ndinkangomupeza pafupi ndi bedi, osadziwa kuti atsika masitepe nthawi yanji.

Chinthu chimene ankachinyoza kwambiri ndi kachipangizo ka Dokitora kosonyeza malo, kamene timati jipiyesi. Kamakupatsa manambala a pamene waima, ndipo ukabwera patapita chaka kamakufikitsa pomwepo. Iwo ankati kachinthuko kamadziwa pamene malo ali, koma sikadziwa ngati malowo adzakhalapo mawa. Anakulira ku Chilwa, nyanja imene imauma. Ankandiuza kuti pamene anaponyapo ukonde ali mnyamata, chaka chotsatira anadutsapo pa njinga, ndipo pamene bambo awo anamanga chisakasa panadzakhala poimika mabwato. Kwa iwo gombe silinali chinthu chokhazikika. Ankati ukafuna kudziwa kumene madzi adzafike, usafunse bwana, uyang'ane kumene nkhanu zakumba mauna.

Ntchito yawo yachiwiri inali ya mafupa. Dolofini akafa n'kukokolokera kugombe, anthu amatiimbira foni. Timapita, Dokitora amayeza, amadula timinofu tokapima, kenako mtembowo timaukulunga mu ukonde n'kuukwirira mumchenga. Pakatha chaka ndi miyezi mnofu umakhala utatha, ndiye timakafukula mafupa n'kupita nawo ku nyumba yosungira zinthu zoti anthu aziphunzirapo. Kumeneko kuli chipinda chozizira cha pansi, mashelefu odzaza zigaza za milomo yaitali ndi mano ang'onoang'ono ondondozana. Che Bwanali ankakhala pa kampando kakafupi pakona, beseni pamiyendo, n'kumatsuka fupa limodzilimodzi ndi mswachi. Polowa m'chipindamo ankapereka moni wa salamu, ngakhale mulibe munthu. Ine tsiku lina ndinalowetsa dzanja m'kamwa mwa chigaza china kuti mnzanga andijambule, nditumize kumudzi. Aaa, ndinalakwa! Masiku atatu osandilankhula. La chinayi anangondiuza kuti chilichonse choyamwitsa chikafa pamakhala wina amene akuchifunafuna.

Tsiku limene dzina lawo linadetsedwa iwo kunalibe. Anali atagwa ndi sitiroko m'mawa wina akutawaza kuti akaswali, mbali ya kumanja n'kufa, pakamwa n'kutsekeka. Anakhala m'chipatala milungu ingapo, kenako anawakweza ndege kubwerera kumudzi. Patapita miyezi itatu nthawi inakwana yoti tikafukule mafupa a Abiti Mpata.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono kuti mumve bwino. Abiti Mpata anafa nyengo yotentha, chaka ndi theka izi zisanachitike. Asodzi anamupeza pa gombe lina kumpoto, ulendo wa ola ndi theka kuchokera ku Doha, pafupi ndi khwawa limene madzi a m'nyanja amalowamo akamasefukira. Nyanja ya kuno si ngati yathu, madzi ake amabwera ndi kubwerera tsiku lililonse. Titafika, Che Bwanali anagwada n'kulowetsa chala pampata paja. Dokitora nayenso anali wachisoni, koma anatiuza kuti mtembo umenewu ndi wofunika kuposa yonse ya m'chipinda chija. Ena onse anawatola atafa kale, osadziwika mbiri yawo. Uyu anamujambula zaka zambiri ali moyo, ankadziwa ana ake, ankadziwa kumene ankadya. Mano a dolofini akawadula amaonetsa zaka zake, ndiye kwa nthawi yoyamba akanatha kufananiza zimene mafupa akunena ndi zimene maso anaona.

Dzuwa linali loopsa, ndipo timinofu timene Dokitora anadula tinayenera kufika mufiriji msanga. Anaima pafupi ndi mtembowo, n'kulemba manambala a pa jipiyesi, n'kuponda pansi ndi phazi.

"Bwanali, pano. Osati apo, osati uko. Pano. Wamva?"

"Inshallah, Dokitora."

Tinawasiyira fosholo, ukonde, chingwe ndi madzi akumwa, ine n'kuthamangira ndi bwana ku Doha. Nditabwerera chakumadzulo sindinafike n'kugombe komwe. Ndinawapeza atayenda kale mpaka kumsewu, atakhala pa mwala, fosholo pambali. Zovala zawo zinali zonyowa mpaka pachifuwa, m'manja muli matuza.

"Mwakwirira, madala?"

"Ndamuika bwino. Yalla, tiye."

M'njira monse anagona, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso.

Ndiye tsiku lofukula lija tinapita anthu asanu. Pafupi ndi gombelo pali kachitunda, ndipo ndinafuna kuimika galimoto pamenepo chifukwa mchenga wake ndi wolimba. Dokitora anandigwira phewa. "Maliko, osati apo. Sukuona? Ndi manda." Zoonadi panali miyala iwiri yoimika, wina kumutu wina kumiyendo, monga amaikira manda akale a asodzi m'dziko lino, opanda dzina, opanda simenti. Ndinabweza galimoto. Dokitora, poti ndi Msilamu, anatambasula manja n'kupempherera mwini mandawo. Ine ndinavula chipewa. Tonse tinawalambalala mwaulemu.

Jipiyesi inatifikitsa pamalo paja. Tinakumba. Tisanafike m'chiuno, dzenje linadzaza madzi. Tinakumba kumanja, kumanzere, kutsogolo, tsiku lonse, n'kubweranso m'mawa mwake. Ngakhale kafupa kamodzi, ngakhale kachidutswa ka ukonde. Dokitora anati nyanja ikanakokolola, china chake chikanatsala. Pamenepo mnzathu wina, wothandiza pa zojambula, ananena zimene ena ankangoganiza: kuti nkhalambayo inatopa ndi dzuwa, n'kudikira madzi abwere, n'kukankhira mtembowo m'nyanja. Dokitora anatembenukira kwa ine.

"Maliko, iwe unakawatenga. Unaona dzenje?"

"Ayi, bwana. Ndinawapeza kumsewu."

"Anali bwanji?"

Ndikanatha kungoti anali otopa. Koma pakamwa panga panathamanga. Ndinati anali atanyowa mpaka pachifuwa.

Munthu wokumba mumchenga amanyowa bwanji mpaka pachifuwa? Dokitora sanatukwane. Anangoti cholakwa ndi chake, anasiya munthu wamkulu yekha padzuwa ndi ntchito ya anthu atatu, sangamuimbe mlandu. Chisoni chimenecho chinandiwawa kuposa kutukwana, chifukwa chinasonyeza kuti wakhulupirira. Ndipo ndivomere pano, inenso theka la mtima wanga linakhulupirira. Tinadya chakudya chamasana titakhala kumunsi kwa kachitunda kaja, n'kunyamula mafosholo kubwerera.

Nkhani inafalikira, mukudziwa mmene timachitira Amalawi tikakumana Lachisanu, tsiku lopuma kuno. Ena ankaseka kuti madala anawaonetsa ophunzira. Wina akazemba ntchito ankati wachita za Che Bwanali. Ine zinkandidya. Ndikaimba foni kumudzi, akazi awo, Abiti Sumani, ankawaikira foni kukhutu, ine n'kumalankhula ndekha za nyengo ndi za injini, iwo akungopuma. Za Abiti Mpata sindinayerekeze kufunsa. Munthu wosatha kuyankha umamufunsa bwanji ngati ananama?

Anakhala chaka chathunthu ali chomwecho, kenako anatisiya. Patapita milungu iwiri chichitikireni maliro ndinaimbanso kuti ndipepese bwinobwino. Abiti Sumani anayamba kundifotokozera masiku awo omaliza.

"Mwanangu, bambo ako anativutitsa ndi miyala. Tikawatulutsa pakhonde, ankakwawa n'kutola miyala iwiri. Wina aimike apa, wina uko, motalikirana. Ndiye dzanja lamoyo lija azilichita chonchi, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, n'kumaloza miyalayo, misozi ili mbwembwembwe. Tsiku ndi tsiku. Ana akachotsa miyalayo ankakwiya koopsa."

Ndinali nditaima pa masitepe a kunyumba. Ndinakhala pansi.

"Mayi, dzanjalo ankalichita bwanji? Ngati mafunde?"

"Eya, ngati mafunde. Ife tinati akutiuza za manda awo, ndi za ulendo wawo."

Ndinawathokoza, n'kudula foni. Chizindikiro chimenecho ndinachiona kambirimbiri m'boti. Sichinali cha ulendo. Chinali cha dolofini.

M'mawa mwake ndinapita kwa Dokitora. Anandimvetsera, koma anapukusa mutu. Anati ndikudziwa chimene ndikupempha? Kukumba manda a munthu m'dziko lino si nkhani yoseweretsa. Ndikalakwitsa, ine ndi amene adzandikweze ndege, mwina nditayamba ndagona kupolisi, ndipo gulu lonse likhoza kulandidwa chilolezo. Ndinati ndikudziwa. Ndiye ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti tichite zimene timachita ndi zipsepse. Tsiku limene Abiti Mpata anafa, Dokitora anajambula zithunzi zambiri za mtembowo, mbali zonse. Tinazitsegula pa kompyuta, osayang'ana dolofiniyo koma zakumbuyo kwake. Pa chithunzi china kachitunda kaja kanaoneka bwinobwino, ndi kachitsamba kake kopindika. Dokitora anakulitsa chithunzicho. Panalibe mwala ngakhale umodzi.

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Kenako anatenga foni.

Chilolezo chokumba chinatenga milungu itatu. Chithunzi chinangosonyeza kuti miyalayo inabwera pambuyo pake, sichinanene kuti pansi pali ndani. Bwanji ngati wina anaikapo m'bale wake mwakachetechete? Tinapita ndi wapolisi mmodzi ndi mkulu wina wa ku ofesi yoona za malo akale. Lamulo linali lakuti tikangoona nsalu yoyera kapena fupa la munthu, tisiye pomwepo. Nditaima pamenepo ndinayeza ndi mapazi kuchokera mwala wina kufika unzake. Panali patali kuposa msinkhu wa munthu aliyense amene ndinamuonapo. Tinalephera bwanji kuona zimenezi? Ulemu unatitseka m'maso, palibe amene anayandikira mokwanira.

Fosholo ndinaigwira ndine. Mchenga unali wouma, wopanda una wa nkhanu ngakhale umodzi. Ndinakumba mpaka m'mawondo, palibe. Mpaka m'chiuno, palibe. Thukuta linkalowa m'maso, wapolisi ataima pamwamba panga manja kumbuyo. Mumtima ndinkangoti, madala, musandichititse manyazi, inenso ndinakuchititsani kale. Kenako fosholo inakoka chinthu. Ndinagwada n'kupalasa ndi manja. Ukonde wobiriwira, wathu womwe uja, womangidwa mfundo ya asodzi a ku Chilwa imene ndinalephera kuiphunzira zaka zonse zija. Ndinapalasanso, ndipo mumchengamo munatuluka mlomo wautali ndi mano ake ondondozana.

Abale, mpweya umene ndinatulutsa pamenepo! Ndinakhala pansi m'dzenje momwemo, kuseka kukubwera, kulira kukubwera. Dokitora anagwada m'mphepete, dzanja pakamwa. "Ya Allah," anatero. "Ndakhala ndikupempherera dolofini!" Wapolisi uja anayamba kuseka mpaka kugwira mawondo, mkulu wa ku ofesi naye n'kuyamba kujambula ndi foni yake.

Titachotsa mchenga wonse tinaona ntchito ya Che Bwanali. Anamugoneka cham'mbali, kudzanja lamanja, nkhope kuloza kumene Asilamu amayang'ana akamaswali. Zipsepse za m'mbali, zimene zimakhala ndi timafupa ting'onoting'ono ngati zala ndipo timasowa kawirikawiri, anazimanga pazokha m'matumba a anyezi otola pagombe. Palibe fupa limene linatayika. Dokitora anati sanafukulepo mafupa athunthu chotere. Tinayang'ana kumunsi, kumene jipiyesi inatilozera kale, ndipo panali pakuyenda madzi.

Zotsalazo tinazilumikiza tokha. Madala anaona mauna a nkhanu pamalo amene anauzidwa, n'kudziwa kuti nyanja idzadya pamenepo. Mtembowo unali wolemera woti munthu mmodzi sangaukoke. Ndiye anadikira madzi asefukire, n'kuumanga chingwe, n'kuuyandamitsa m'khwawa muja, iwo ali m'madzi mpaka pachifuwa, mpaka kufika m'tsinde mwa kachitundako. Mmene anaukwezera mamita otsalawo okhaokha, ndi dzuwa limene lija, sindidziwa mpaka lero. Sanatiuze, poti anali ataopsezedwa kale za lipoti. Komanso ndimawadziwa ine madala aja. Ankadikira tsiku lofukula kuti atisiye tikumbe m'madzi kaye pang'ono, kenako atiloze kumtunda osanena liwu, n'kumakonza kofia yawo. Sitiroko inawalanda tsiku limenelo.

Dokitora analemba yekha kakhadi ka pa bokosi la mafupawo. Pamzere wa amene anasunga analembapo dzina la Che Bwanali, ndipo pafupi ndi nambala anawonjezera kuti Abiti Mpata. Mano atawapima anapeza kuti anali wachikulire kuposa mmene ankaganizira, ndipo mwana amene tinamuona naye komaliza anamubereka ali nkhalamba ndithu. Lachisanu lotsatira ndinapita kumene Amalawi timakumana, n'kufotokoza nkhani yonse kuyambira pa zovala zonyowa. Amene ankaseka aja sanasekenso.

Kenako ndinaimbira Abiti Sumani. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Alhamdulillah," anatero. "Ndiye sankanena za iwo eni?"

"Ayi, mayi. Ankandituma ine."

Kenako ndinamva akuseka, kuseka kwa munthu amene walira mokwanira. "Mwanangu, ifetu tinamvera. Pamanda pawo tinaimika miyala iwiri motalikirana monga ankachitira pakhonde. Anthu akudutsa amafunsa kuti kodi munaika chimphona? Chonsecho bambo ako kafupi kaja!"

Ndinafunsa ngati aisendeza. Anati ayi, ikhale momwemo.

Boti pano akuyendetsa munthu wina, wodziwa ntchito yake, womvera malangizo. Injini yake sidwala. Mwana womaliza wa Abiti Mpata timakumana naye, wakula, ndipo Dokitora yekha ndi amene amati tizimitse injini tikadali patali. M'chipinda chozizira chija kampando kakafupi kakadali pakona, beseni lili pansi pake, mswachi uli m'kapu. Palibe amene anaganiza zokachotsa, ndipo palibenso amene amakhalapo, n'kakafupi kwambiri kwa tonsefe. Ndikalowamo ndimapezeka ndapereka moni, Mngoni wa tchalitchi ine.

Dzenje lija ndinalikwirira tsiku lomwelo, ndipo miyala iwiri ija ndinaibwezera mmene inalili, wina kumutu wina kumiyendo. Mwezi watha tinadutsako. Mphepo yasalaza mchenga, kachitsamba kopindika kakadalipo, ndipo matayala a magalimoto a asodzi amakhota patali ndithu kulambalala malowo. Pansi pake palibe munthu, palibe dolofini, palibe kanthu. Ndinaimika galimoto kumunsi, n'kukwera wapansi, chipewa chili m'manja.